Mphika Wophikira Moto wa Dzuwa

Mkazi woumba mbiya sagulitsa mphika asanauoche ndi kuugogoda kuti amve kulira kwace. Ukalira ngati wong'aluka, auika padera, pakuti adziwa kuti udzataya ndiwo pa mafuwa. Nkhani ino iri ya mphika wina, umene akatswiri a maiko ambiri akhala akuumba ndi kuyesa zaka zoposa 60, ndipo mkuwa uli nalo gawo lace m'menemo.

Moto wa dzuwa suli wa nkhuni kapena wa malasha. Ubadwa pamene tinthu tating'onoting'ono ta mpweya wa haidrojeni tiphatikana, ndipo pa Cingelezi kuphatikanaku akucha fusion. Anthu afuna kukoleza moto womwewo pansi pano kuti upereke magetsi. Kufunika kwace adziwa bwino a ku Nabvutika ndi Chipata yense, amene anagona mumdima m'caka ca 2024, pamene cirala cinaphwetsa madzi a ku Kariba.

Ciyambi cace cinali ndi manyazi. Mu January 1958, a ku Harwell m'dziko la Britain analengeza kuti makina ao ochedwa ZETA aonetsa zizindikiro za moto umenewu, koma isanathe miyezi isanu anabvomera kuti analakwa. M'caka ca 1968 akatswiri a ku Moscow anaonetsa makina obulungira ngati nkhata, ochedwa tokamak, amene agwira mpweya wotenthawo ndi mphamvu ya maginito kuti usakhudze makoma. Kucokera apo maiko ambiri anatsata njira yomweyo.

Tsono bvuto linasamukira ku mphika. Mpweyawo ufunika kutentha madigiri oposa 100 miliyoni, ndipo mwa iwo muturuka tinthu tochedwa nyutroni, timene maginito sangatigwire. Timeneti tilowa m'kati mwa citsulo, tisuntha maatomu pa malo pace, ndipo citsulo citupa ndi kuuma mpaka cithyoka msanga. Cotero citsulo ciri conse ciyenera kuyesedwa cisanaloledwe.

Makina akulu a JET ku Culham, m'Britain momwemo, anayamba nchito mu 1983. Kwa zaka zambiri makoma ace anali okutidwa ndi kaboni, mtundu wace wa malasha, koma kunapezeka kuti kaboniyo amwa tritium, haidrojeni wosowa amene ali nkhuni za motowo. Mu 2011 anamaliza kuika makoma atsopano a beryllium ndi tungsten. Ndi makoma amenewa, mu 2023, makinawo anaturutsa mphamvu ya mamegajulo 69 m'masekondi owerengeka, ndipo pakutha pa caka comweco anatsekedwa.

Pa makina a ITER, amene akumangidwa ku Cadarache m'dziko la France, malo otentha koposa apatsidwa kwa tungsten, popeza sasungunuka kufikira madigiri 3,422. Mkuwa usungunuka pa 1,085 cabe, koma uli ndi mphatso yace: unyamula kutentha msanga. Motero m'kati mwa timidadada ta tungsten mupyola mipope ya mkuwa, ndipo m'mipopemo muyenda madzi ozizitsa. Mkuwa wokha ndi wofewa. Ausakaniza ndi chromium ndi zirconium pang'ono kuti ulimbe. Mu waya wa maginito ace namonso muli mkuwa wambiri.

Mbale wace wa mkuwa sanacite mwai wotere. Kobalti, amene amuna a kum'mawa kuno anakumba pamodzi ndi mkuwa ku Nkana, akakanthidwa ndi nyutroni asanduka kobalti-60, woturutsa ceza coopsa, ndipo papita zaka zoposa 5 kuti ukali wace ucepe ndi theka. Pa cifukwa ici, opanga citsulo ca EUROFER97 ca makina a m'tsogolo acepetsa kobalti m'menemo monga angathe.

Komabe mayeso akulu sanacitike. Makina amene ayaka masekondi owerengeka sangaonetse cimene cidzagwera khoma pa zaka zambiri. Ncifukwa cace ku Granada m'dziko la Spain akumanga nyumba yoyesera yochedwa IFMIF-DONES. Kumeneko adzaombera haidrojeni wolemera pa lithium wosungunuka, kuti paturuke nyutroni zaukali wofanana ndi za motowo, ndipo tizidutswa ta citsulo tidzaikidwa pomwepo miyezi yambiri, kenaka tidzakokedwa ndi kuthyoledwa kuti mphamvu yace yotsala idziwike.

Munthu wa mu mgodi aimva nkhani iyi mosabvuta. Iye salowa pansi pa denga limene silinagogodedwe ndi citsulo, ngakhale mwala wa mkuwa ukuwala patsogolo pace. Moto wa dzuwa wakolezedwa kale pansi pano. Magetsi ace adzafika m'nyumba za anthu mphika ukadzalira bwino.