Kuchokera pa mzere wa shuga kufika pa sitiroberi yonyezimira

February akayandikira, Facebook ndi WhatsApp zimadzaza ndi malonda a Valentine. Pakati pa makeke ndi maluwa pamaoneka kabokosi ka masitiroberi oviikidwa mu chokoleti, pamwamba atawaza tonyezimira. Ena mwa opanga ndi anzathu a ku Matero, Mtendere ndi Chawama, ndipo amapangira m'khichini ya amayi awo. Ambiri timangofunsa mtengo n'kupitirira. Koma chilichonse cha m'kabokosi kameneko chinayenda ulendo wautali chisanafike m'komboni mwathu.

Tiyambe ndi chokoleti. Mtengo wa koko kwawo ndi ku America, ndipo anthu a mtundu wa Maya ndi Aztec ankamwa koko ngati chakumwa chowawa. Asipanya atapita naye ku Ulaya m'zaka za m'ma 1500, anthu anayamba kuthiramo shuga, koma anakhalabe chakumwa cha olemera. Mu 1828 banja la Van Houten ku Netherlands linabwera ndi makina ofinya mafuta m'mbewu za koko. Mu 1847 kampani ya Fry ku Bristol inaumba chokoleti cholimba chotafuna, ndipo mu 1875 Daniel Peter wa ku Switzerland anapanga chokoleti cha mkaka.

Africa inalowa m'nkhaniyi ngati munda. Apwitikizi anadzala koko pa chilumba cha São Tomé, ndipo anatenga anthu ku Angola n'kumawagwiritsa ntchito yosasiyana ndi ukapolo. Ku Ghana amakumbukira Tetteh Quarshie, yemwe anabwera ndi mbewu za koko kuchokera ku Fernando Po m'zaka za m'ma 1870. Lero Ghana ndi Côte d'Ivoire amalima koko woposa theka la koko yense wa padziko lapansi, koma makampani akuluakulu a chokoleti ali ku Ulaya ndi ku America. Ife a ku Zambia nkhani yotere timaidziwa bwino, chifukwa kopa wathu amatuluka m'dziko n'kubwerera ali mkati mwa foni yodula.

Sitiroberi nayo ndi mlendo. Mu 1714 Amédée-François Frézier anafika ku France ndi timitengo ta sitiroberi ta ku Chile. Titasakanikirana ndi mtundu wina wa ku North America cha m'ma 1750, panabadwa sitiroberi yaikulu yomwe timagula lero. Chipatsochi chimakonda malo ozizirira, n'chifukwa chake amene anakwerapo phiri la Zomba ku Malawi amasimba za anyamata ogulitsa masitiroberi m'mbali mwa msewu.

Mbali ya nkhaniyi yotikhudza kwambiri ndi ya shuga. Fakitale ya Nakambala ku Mazabuka inayamba kugaya nzimbe kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Koma mtengo wa kopa utagwa mu 1975, dziko linasowa ndalama zakunja, ndipo katundu anayamba kusowa m'masitolo. Funsani amayi kapena ambuya anu za mizere ya ku ZCBC, NIEC ndi Mwaiseni. Adzakuuzani kuti ankalawirira m'mamawa kukaima pa mzere wa shuga, saladi ndi sopo, nthawi zina n'kubwerera chimanjamanja. M'zaka za m'ma 1980 ngakhale Coca-Cola inasowa, anthu n'kumamwa Tip Top. Mwana wa ku George kapena ku Kanyama zotsekemera zake zinali nzimbe, vitumbuwa, masuku ndi mango. Chokoleti ankachiona wachibale akabwera kuchokera kunja.

Mu June 1990 mtengo wa ufa utakwera, anthu a mu Lusaka anachita zipolowe, ndipo mu 1991 boma la Kenneth Kaunda linachoka. Boma la Frederick Chiluba linatsegula malonda. Shoprite inatsegula sitolo yake yoyamba mu Cairo Road mu 1995, Manda Hill inatsatira mu 1999, ndipo mashelefu anadzaza ndi katundu wa ku South Africa. Zaka zomwezo makampani a boma anagulitsidwa kapena kutsekedwa, ndipo makolo ambiri anachotsedwa ntchito. Chokoleti chinafika pafupi pa nthawi imene ndalama zinapita patali. Mabanja anapulumukira pa tuntemba, pa salaula ndi pa kuphika zogulitsa. Mtsikana amene akuviika masitiroberi lero akupitiriza ntchito ya amayi ake amene ankakazinga vitumbuwa pa mbaula, kungoti iye msika wake uli pa foni.

Ntchitoyi ili ndi malamulo ake. Chokoleti chimasungunulidwa m'mbale yoikidwa pamwamba pa madzi otentha, osati pamoto penipeni. Dontho limodzi la madzi likagweramo chimagwirana ngati phala lopsa, choncho sitiroberi iyenera kutsukidwa n'kuumitsidwa bwino. Ambiri amagula chokoleti chotchipa chimene m'malo mwa mafuta a koko muli mafuta a zomera zina, chifukwa chimalimba msanga. Pachingerezi dzina lake ndi compound chocolate, ngati kuti anachipangira ife a m'makomboni. Vuto lina ndi malaiti. Mu 2024 chilala chinachepetsa madzi ku Kariba, magetsi n'kumazima maola ambiri pa tsiku, pomwe sitiroberi yoviika sichedwa kuonongeka popanda firiji. Chaka chomwecho mtengo wa koko pa msika wa dziko lonse unadutsa madola 10,000 pa tani, ndipo kukwera kumeneko kunafika mpaka pa shelefu yathu.

Pa tonyezimira m'pofunika kusamala kwambiri. Todyedwa timapangidwa ndi zinthu monga shuga, sitachi ndi utoto wa zakudya, ndipo paketi yake imalembedwa kuti edible komanso imatchula zimene zilimo. Tina timalembedwa non-toxic chabe, ndipo tambiri mwa timeneti ndi tizidutswa ta pulasitiki tokongoletsera makadi. Bungwe la FDA ku America linachenjeza kale ophika kuti asathire toteroto pa zakudya. Choncho ogulitsa tiziwerenga paketi tisanagule, ndipo ogula tisamachite manyazi kufunsa kuti, "Asisi, tonyezimirati n'todyedwa?" Makolo athu ankalandira chilichonse chimene chapezeka kumapeto kwa mzere. Ife tili ndi mwayi wosankha, ndipo funso limeneli tili ndi ufulu wolifunsa.