Chaosium: Mbiri ya Kampani Imene Inapulumuka Podulira Nthambi Zake

Pa makampani amene amasindikiza masewera a patebulo otchedwa roleplaying games m'Chingerezi, Chaosium ya ku America ndi imodzi mwa akale kwambiri amene akugwirabe ntchito, ngakhale kuti kuyambira pamene inakhazikitsidwa mu 1975 yatsala pang'ono kugwa kawiri konse. Masewerawa amafanana ndi nthano ya madzulo, kusiyana kwake n'kwakuti omvera sangoyankha kuti "tili tonse", koma aliyense amatenga malo a munthu wongopeka amene maluso ake alembedwa papepala, n'kumanena chimene munthuyo achite. Mmodzi mwa osewerawo amakhala wotsogolera, amene amafotokoza malo ndi zochitika, ndipo pamene zotsatira za chochita china zili zokayikitsa, amaponya madayisi kuti agamule. Choncho chimene kampani yotere imagulitsa ndi mabuku, ena a malamulo a masewera, ena a nkhani zoti anthu asewere.

Amene anayambitsa Chaosium ndi Greg Stafford, yemwe kuyambira m'ma 1960 ankalemba za dziko longopeka lotchedwa Glorantha, dziko limene milungu, miyambo ndi nthano za mafuko ake ndi zimene zimayendetsa moyo wa tsiku ndi tsiku. Atalephera kupeza womusindikizira masewera ake a nkhondo otchedwa White Bear and Red Moon, anaganiza zowasindikiza yekha, ndipo dzina la kampaniyo analipanga pophatikiza liwu lotanthauza chipwirikiti ndi dzina la bwalo la zamasewera la Oakland Coliseum ku California, limene linali pafupi ndi kwawo. Nthawi imeneyo n'kuti patangopita chaka chimodzi Gary Gygax ndi Dave Arneson atatulutsa Dungeons & Dragons, masewera amene anayambitsa mtundu wonsewu. Mu 1978 Chaosium inatulutsa RuneQuest, masewera a m'dziko la Glorantha amene analembedwa ndi Steve Perrin ndi anzake, ndipo masewerawa anabweretsa njira ina yowerengera luso: ngati munthu wa m'nkhani ali ndi luso la 60 peresenti pa kukwera hachi, wosewera amaponya madayisi opereka nambala ya pakati pa 1 ndi 100, ndipo akapeza 60 kapena yocheperapo ndiye kuti wapambana. Luso limakula likagwiritsidwa ntchito, monga mmene zimakhalira m'moyo weniweni. Njira imeneyi inalembedwa payokha mu 1980 m'kabuku kotchedwa Basic Role-Playing, ndipo inakhala maziko a pafupifupi chilichonse chimene kampaniyi inapanga pambuyo pake.

Masewera amene anadzaitchukitsa padziko lonse anatuluka mu 1981. Call of Cthulhu, amene analembedwa ndi Sandy Petersen kuchokera m'nkhani zoopsa za H. P. Lovecraft, anatembenuza chizolowezi cha masewera ambiri a nthawiyo, chifukwa m'malo mwa ngwazi zimene zimangokulirakulira mphamvu, osewera amakhala anthu wamba a m'ma 1920, monga atolankhani ndi aphunzitsi, amene akamazindikira zinsinsi za zilombo zakalekale, nzeru zawo zimasokonekera. Papepala pamalembedwa nambala ya Sanity, kutanthauza kukhazikika kwa maganizo, ndipo nambalayi imatsika munthu akamadziwa zambiri. Buku la nkhani la Masks of Nyarlathotep la mu 1984, limene limatenga osewera kuchoka ku New York kupita ku London, Cairo, Kenya ndi Shanghai, mpaka lero limawerengedwa pa mabuku opambana a mtundu wake.

Kupambana kumeneku kunabwera ndi chilakolako chofutukuka. M'zaka zisanu zokha kampaniyi inatulutsa Stormbringer, Superworld, Ringworld, ElfQuest ndi Pendragon, ndipo apa ndi pamene pakufunika kumvetsa tanthauzo la mzere wa masewera. Buku la malamulo likangotuluka lokha siligulidwa kwa nthawi yaitali, chifukwa osewera ndi eni mashopu amafuna kuona mabuku owonjezera akutuluka kawirikawiri kuti akhulupirire kuti masewerawo akadali amoyo. Buku lililonse limafuna wolemba, mkonzi, wojambula zithunzi ndi woyala masamba, kenaka ndalama zolipira osindikiza buku lisanagulitsidwe n'limodzi lomwe, ndiponso malo m'nyumba yosungiramo katundu. Kampani ya anthu ochepa imene ili ndi mizere isanu ndi umodzi ikufanana ndi mlimi amene wabwereka minda yambiri ali ndi khasu limodzi: kudzala amadzala ponseponse, koma nthawi yopalira ikafika, minda ina imalowa thengo. Masewera a Ringworld ndi Superworld analekeka atangotulutsa mabuku owonjezera ochepa.

RuneQuest yeniyeniyo inachoka pakhomo mu 1984, pamene Chaosium inapereka ufulu wosindikiza ku kampani yaikulu ya Avalon Hill poyembekezera kuti masewerawo afika m'mashopu ambiri, koma mtengo unakwera ndipo mabuku a Glorantha anayamba kuchedwa. Vuto lalikulu linadza mu 1996 ndi Mythos, masewera a makadi otolera amene anatsatira chipwirikiti cha malonda chimene masewera ena a makadi, Magic: The Gathering, anayambitsa. Poyamba makadiwo anagulidwa kwambiri, koma msika utakhuta, kampaniyo inatsala ndi katundu wosagulika ndi ngongole. Mu 1998 Stafford anachoka n'kutenga Glorantha kupita nayo ku kampani yake yatsopano ya Issaries, Pendragon inapita ku Green Knight Publishing, ndipo Chaosium inatsala m'manja mwa Charlie Krank ndi mkonzi wake wakalekale Lynn Willis, ikudalira kwambiri Call of Cthulhu. Uku kunali kuchepa kokakamizidwa ndi ngongole, osati kosankha.

Kwa zaka zoposa khumi kampaniyi inkayenda mwapang'onopang'ono, ikusindikizanso mabuku akale ndi kutulutsa timabuku totchedwa monographs, timene olemba ankadzikonzera okha popanda mkonzi wa kampani, moti tina tinali tabwino kwambiri pamene tina tinali todzaza ndi zolakwika. Kenaka kunabwera Kickstarter, tsamba la pa intaneti pamene anthu amalipiriratu chinthu chisanapangidwe. Mu 2012 Chaosium inasonkhanitsa madola oposa 200,000 kuti isindikizenso bokosi la Horror on the Orient Express, ndipo mu 2013 anthu oposa 3,600 anapereka madola oposa 560,000 a mtundu wachisanu ndi chiwiri wa Call of Cthulhu, umene anakonza Mike Mason ndi Paul Fricker. Ndalama zinaoneka zambiri, koma pa Kickstarter pali chizolowezi cholonjeza zinthu zowonjezera ndalama zikamakwera, motero bokosi lililonse linkalemererabe, pamene ndalama ya positi imene ogula a kunja analipiritsidwa inali yochepa kwambiri poyerekeza ndi mtengo weniweni wotumizira katundu wolemera chotero. Aliyense wa kunja amene analipira anasanduka ngongole m'malo mwa phindu, ndipo pofika pakati pa 2015 mabuku osindikizidwa a Call of Cthulhu anali asanafikebe kwa eni ake.

Mu June 2015 Stafford ndi Petersen, amene anali adakali ndi masheya m'kampaniyo, anabwerera n'kutenga utsogoleri. Kumapeto kwa July, pa msonkhano waukulu wa masewera wa Gen Con ku Indianapolis, analengeza kuti anthu anayi a kampani yaing'ono ya Moon Design Publications alowa mu umwini ndi kuyendetsa ntchito: Rick Meints monga pulezidenti, pamodzi ndi Jeff Richard, Neil Robinson ndi Michael O'Brien wa ku Australia. Anthuwa anali okonda Glorantha kuyambira kale, ndipo kampani yawo ndi imene inali itagula dzina la RuneQuest mu 2013, motero kubwera kwawo kunabwezera Chaosium masewera amene anachoka pakhomo mu 1984.

Zimene utsogoleri watsopanowu unachita poyamba sizinali zosangalatsa kuzimva. Ofesi ndi nyumba ya katundu ya ku Hayward ku California zinatsekedwa, likulu linasamukira ku Ann Arbor ku Michigan, antchito anayamba kugwirira ntchito kunyumba zawo m'maiko osiyanasiyana, ndipo katundu anayamba kutumizidwa kuchokera m'nyumba zosungiramo za makampani ena ku America, Britain ndi Australia, kuti wogula wa ku Melbourne asamalipirire bokosi lowoloka nyanja. Timabuku ta monographs tinalekeka. Magic World, masewera amene anali atangotuluka mu 2013, sanalandirenso mabuku atsopano. Chilolezo cha kampani ya The Design Mechanism ya Pete Nash ndi Lawrence Whitaker, imene inkasindikiza mtundu wachisanu ndi chimodzi wa RuneQuest, chinatha mu 2016, ndipo awiriwa anapitiriza masewera awo ndi dzina latsopano la Mythras. Amene anagula Magic World pokhulupirira kuti mzerewo upitirira anali ndi chifukwa chomveka chodandaulira, ndipo si bwino kupeputsa kudandaula kwawo, pakuti munthu akagula buku la malamulo amakhala wagulanso chiyembekezo cha mabuku otsatira. Komabe kampani imene inali ndi ngongole kwa anthu masauzande amene analipira kale sikanatha kutsegula malonjezo atsopano akale asanakwaniritsidwe, ndipo pa mfundo imeneyi atsogoleriwo anasankha bwino.

Mabuku a Call of Cthulhu anafika kwa amene analipira mu 2016, mochedwa ndi zaka zoposa ziwiri. Mphamvu zonse zitalunjika pa mizere yochepa, mabuku anayamba kutuluka amitundumitundu ndi achikuto cholimba, ndipo Masks of Nyarlathotep inakonzedwanso mu 2018, chaka chomwecho chimene RuneQuest: Roleplaying in Glorantha inatuluka. Chochititsa chidwi n'chakuti ntchito imene timabuku takale tinkagwira sinatayidwe, koma inasamutsidwa. Kudzera mu Miskatonic Repository, imene inatsegulidwa mu 2017, ndi Jonstown Compendium ya mu 2019, olemba odziimira paokha amagulitsa nkhani zawo pa tsamba la DriveThruRPG n'kumagawana phindu ndi kampani, imene siilipira kusindikiza kapena kusunga katunduyo. Kampaniyi inayambanso kuyang'anitsitsa tsankho la mtundu limene lili poyera m'zolemba za Lovecraft, ndipo mu 2020 inasindikiza mtundu wachiwiri wa Harlem Unbound wa Chris Spivey, buku limene limaika anthu akuda a ku New York a m'ma 1920 pakati pa nkhani.

Stafford anamwalira mu October 2018 ali ndi zaka 70, ndipo miyezi iwiri pambuyo pake Pendragon, masewera a Mfumu Arthur amene iye ankawaona ngati ntchito yake yopambana, anabwerera ku Chaosium patatha zaka 20. Kuchokera pamenepo kampaniyi yayambanso kufutukuka, ngakhale mosamala kuposa kale. Inagula 7th Sea ya John Wick mu 2019, inatulutsa masewera ochokera m'mabuku a Rivers of London a Ben Aaronovitch, ndipo mu 2020 inapereka dzina la masewera ake ena, HeroQuest, ku kampani ya Hasbro n'kutcha masewerawo QuestWorlds. Mu 2023 malamulo a Basic Role-Playing anatulutsidwanso pansi pa chilolezo chotseguka cha ORC, chimene chimalola wina aliyense kupanga ndi kugulitsa masewera ake pa maziko amenewo popanda kulipira Chaosium, ndipo buku lalikulu la mtundu wachisanu ndi chimodzi wa Pendragon, limene Stafford anasiya atalemba mbali yaikulu, linafika m'mashopu mu 2024.