Kodi Kung'ung'udza kwa Ampulifaya ya Mavalavu Kudachokera Kuti?

FUNSO: Malemu bambo anga adandisiyira ampulifaya yakale ya mavalavu, ija imayaka mkati ngati makala. Imaimba bwino, koma nyimbo ikangotha imangoti "mmmm" osaleka. Kodi phokosoli limachokera kuti? — Wowerenga wa ku Zomba

YANKHO: Phokoso limenelo silidayambe ndi ampulifaya ya bambo anu. John Ambrose Fleming adapanga valavu yoyamba ku England mu 1904, ndipo mu 1906 Lee de Forest wa ku America adatulukira ina yomwe pambuyo pake idayamba kukuza mawu. Valavu sigwira ntchito isanatenthe. Mawailesi oyambirira ankaitenthetsa ndi mabatire, motero sankang'ung'udza. Mavuto adadza m'zaka za m'ma 1920 anthu atayamba kulumikiza mawailesi ku magetsi a m'nyumba, omwe amapita uku ndi uku: kuno kwathu maulendo 50 pa sekondi, ku America 60. Chimene mukumvacho ndi magetsiwo akulowerera m'nyimbo.

Kuti mupeze pomwe akulowera, zimitsani, zulani zingwe zonse zobweretsa nyimbo, kenaka muyatsenso. Masipika okha musawachotse. Ampulifaya ya mavalavu ikayatsidwa popanda sipika, thiransifoma yake imatha kupsa, ndipo ina ndi yovuta kuipeza pamsika.

Ikakhala chete, ampulifaya ilibe mlandu. Kawirikawiri zimakhala kuti zipangizo ziwiri zalumikizidwa pa masoketi osiyana, magetsi ochepa n'kumadutsa m'chingwe cha nyimbo. Zilumikizeni pa soketi imodzi, ndipo chingwe cha nyimbo chisagone pamodzi ndi cha magetsi. Foni yam'manja nayonso ikhale patali.

Ikapitiriza, tcherani khutu. Kulira kwa pansi kwenikweni n'kwa 50 kuja, kochokera ku thiransifoma kapena ku mawaya otenthetsa mavalavu. Kulira kokwererako, konga kwa njuchi, n'kwa 100, ndipo pa chipangizo cha msinkhu umenewu ine ndingayambe kukayikira makapasita. Ntchito yawo ndi kusalaza magetsi, koma amauma akakalamba, makamaka akakhala zaka zambiri m'kabati osayatsidwa.

Kuthetheka mukamapotokola voliyumu kawirikawiri ndi litsiro chabe. Valavu yotopa nthawi zina imadziulula yokha: igogodeni pang'ono ndi pensulo, musipika mumva "ngwe" ngati belu.

Kupitirira apa, pitani kwa mmisiri wa mawailesi, makamaka wachikulire amene adagwirapo mavalavu. Mkatimo mumakhala mavolti 300 kapena kuposa, ndipo makapasita amasunga mphamvuyo ngakhale pulagi itazulidwa. Wina akakuuzani kuti mudule waya wa efi kuti phokoso lithe, mukane. Phokoso likhoza kuthadi, koma waya umenewo ndi womwe umakutetezani tsiku lomwe magetsi adzakhudze chitsulo cha kunja.