Mzinda umene anauchepetsa zaka: mbiri ya Chilumba cha Mozambique

Pa 17 Sepitembala chaka chilichonse anthu a pa Chilumba cha Mozambique, m'chigawo cha Nampula, amakondwerera tsiku la mzinda wawo. Mu 2018 chikondwererocho chinakula kwambiri, ati mzindawo wakwanitsa zaka 200. Kuwerengako kumayambira mu 1818, pamene ufumu wa Portugal unalemba chikalata chokweza malowa kukhala mzinda. Ena odziwako pang'ono amabwerera m'mbuyo mpaka mu 1498, chaka chimene Vasco da Gama anakochezapo. Mawerengedwe onse awiriwa ndimawakayikira, chifukwa da Gama atafika anapezapo doko logwira ntchito, ngalawa zodzaza katundu ndiponso shehe wolamulira malowo pansi pa ufumu wa Kilwa.

Za nthawi imeneyo zolembedwa n'zochepa. Chodziwika n'chakuti amalonda Achiswahili ankaimapo popita ku Sofala kukatenga golide wochokera kumapiri a dziko lomwe lero ndi Zimbabwe, ndipo amisiri a pachilumbapo ankakhoma ngalawa. Poyamba eni malowo anaganiza kuti alendowo ndi Asilamu anzawo, n'kuwalandira bwino. Zitaululika kuti si Asilamu, ubalewo unatha msanga, ndipo da Gama pochoka anaombera mudziwo ndi mizinga. Lero chipilala chake chaima kutsogolo kwa nyumba yachifumu ya São Paulo. Shehe uja alibe chipilala.

Chilumbacho n'chaching'ono: kutalika kwake ndi makilomita atatu, ndipo m'lifupi sichipitirira theka la kilomita. Pansi pake ndi matanthwe a m'nyanja, madzi akumwa palibe. Chimene chinakopa Apwitikizi ndi mphepo. Zombo zochokera ku Lisbon kupita ku India zinkafunika malo odikirirapo nyengo yoti mphepo ya panyanja itembenuke, ndipo zikachedwa zinkakhala miyezi yambiri pamenepo. Apwitikiziwo anakhazikika mu 1507. Mu 1522 anamanga kachisi wa Nossa Senhora de Baluarte kunsonga ya kumpoto, amene akadalipo mpaka lero. Linga lalikulu la São Sebastião analiyamba mu 1558 ndipo kulimaliza kunatenga zaka makumi angapo. Adatchi analizinga mu 1607 ndi mu 1608, koma analephera kulilanda. Mmishonale Francis Xavier anadikira mphepo pamenepo mu 1541, ndipo wolemba ndakatulo Luís de Camões anakhalapo zaka ziwiri kuyambira mu 1567, ali wosauka. Awa ndiwo mayina amene mlendo amauzidwa akangotsika galimoto.

Funso limene silifunsidwa kawirikawiri ndi lakuti, kodi chilumba chopanda munda ndi chitsime chinalemera ndi chiyani? Yankho lili kumtunda, ndipo mbali ina lili kwathu kuno ku Malawi. M'zaka za m'ma 1600, pamene ufumu wa Maravi unali pa mphamvu, maulendo a minyanga ya njovu ankachoka m'madera a Shire ndi nyanja yathu, n'kudutsa dziko la Amakua mpaka ku Mossuril, kugombe loyang'anizana ndi chilumbacho. Pofika m'ma 1700 Ayao ndiwo anali atagwira njira imeneyi. Ankabwera m'chilimwe atasenza minyanga, n'kubwerera ndi nsalu za ku India ndi mikanda. Nsaluzo zinali m'manja mwa amalonda Achimwenye ochokera ku Diu, amene anapatsidwa chilolezo cha malonda amenewa mu 1686. Mpaka mu 1752 chilumbacho chinkalamulidwa kuchokera ku Goa, kotero kuti maso ake ankayang'ana ku India kuposa ku Ulaya.

Kenako katundu anasintha. Afalansa ankafuna anthu okalima nzimbe pa zilumba za Mauritius ndi Réunion, ndipo pambuyo pake amalonda a ku Brazil anabwera ndi njala yomweyo. Njira za minyanga zinasanduka njira za akapolo. Nyumba zambiri zokongola za miyala pachilumbapo zili ndi zipinda zapansi ndi zitseko zotulukira kunyanja, ndipo ndalama zozimangira zinachokera m'malonda amenewa. Portugal inaletsa kutumiza akapolo kunja mu 1836, koma malondawo anapitirira mobisa kwa zaka zambiri m'madoko ang'onoang'ono a m'mphepete.

Mzindawo unagawika pawiri, ndipo mpaka lero ndi wogawika. Kumpoto kuli mzinda wa miyala ndi laimu, wa nyumba za madenga afulati amene amakolola madzi a mvula n'kuwatsitsira m'mathanki a pansi. Kummwera kuli mzinda wa makuti, wa nyumba zofolera masamba a mitengo ya kokonati. Miyala yomangira kumpoto ankaikumba kummwera, n'chifukwa chake midzi ya makuti ili m'maenje, pansi pa msewu, ndipo mvula ikagwa madzi amadikha m'makomo. Anthu ambiri a pachilumbapo amakhala kumeneko. Ndiko kuli magule a tufo a amayi, ndiko amayi amadzola musiro kumaso, ndiko kumalankhulidwa Chinahara, nthambi ya Chimakua.

Kugwa kwa mzindawo kunali kwa pang'onopang'ono. Ngalande ya Suez itatsegulidwa mu 1869, zombo zopita ku India sizinkafunikanso kuzungulira Africa. Mu 1898 likulu la dzikolo linasamukira ku Lourenço Marques, komwe lero ndi Maputo, pafupi ndi migodi ya ku Transvaal. Njanji ndi doko lakuya la Nacala zinatenga malonda otsala, ndipo njanji yomweyo ndi imene inalumikizidwa ndi Malawi kudzera pa Nayuchi mu 1970. Mlatho wa makilomita opitirira atatu wolumikiza chilumbacho ndi kumtunda unamangidwa m'ma 1960, wopapatiza moti galimoto ziwiri zimadikirana. Ufulu utabwera mu 1975 eni nyumba zambiri za miyala anachoka, madenga n'kuyamba kudontha, mitengo ya kachere n'kumera m'makoma. Pa nkhondo ya pachiweniweni imene inatha mu 1992, anthu othawa kumtunda anadzaza pachilumbapo, monga ena anadzazira ku Nsanje ndi ku Dedza. Mu 1991 bungwe la UNESCO linaika chilumbachi pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse, ndipo mu 1994 namondwe wa Nadia anasasula madenga ambiri amene anatsala.

Apa ndiye pali nkhani imene zolemba zake n'zochuluka. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, dziko likadali ndi mabala a nkhondo ndiponso ngongole, kampani ina yakunja inapatsidwa chilolezo chofufuza ndi kuvuula katundu wa zombo zakale zomwe zinamira m'nyanja yozungulira chilumbacho. Mgwirizano unali wakuti zovuulidwazo zizigawidwa, zina zitsale m'dzikomo, zina zigulitsidwe kuti ntchitoyo ipeze ndalama. Mu 2001 osambira a kampaniyo anapeza chombo pafupi ndi linga la São Sebastião, chimene akatswiri amakhulupirira kuti chinamira mu 1558. Munali mbale zambirimbiri za ku China za nthawi ya ufumu wa Ming, komanso golide. Mu Meyi 2004 gawo lina la mbalezo ndi golideyo linagulitsidwa pa okshoni ku Amsterdam. Gawo lina linaikidwa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale pachilumbapo, ndipo mlendo angathe kuliona.

Oikira kumbuyo ntchitoyi ankati popanda iwo, akuba akanatha kutola zonse, ndipo mawuwa sanali abodza kotheratu. Asodzi ndi anyamata akhala akutola mikanda ndi zidutswa za mbale m'mchenga kwa zaka zambiri, n'kumazigulitsa kwa alendo. Koma akatswiri a zofukula zakale, a m'dzikomo ndi akunja, anatsutsa mwamphamvu. Chombo chomira chimaphunzitsa chikakhala chathunthu, pamene munthu angaone kuti matabwa analumikizidwa bwanji, katundu anapakidwa pati, amalinyero ankadya chiyani. Wofuna zogulitsa amathamangira mbale ndi golide, ndipo matabwa akavundukulidwa n'kusiyidwa poyera, madzi ndi tizilombo zimawamaliza m'zaka zochepa. Chodabwitsa n'chakuti chaka chomwecho cha 2001 ndi chimene UNESCO inavomereza pangano loletsa kuchita malonda ndi chuma chakale cha pansi pa madzi. Patapita zaka pafupifupi 15 chiyambireni, chilolezo chija chinathetsedwa.

Kwa ine, chimene chinalakwika sichinali munthu mmodzi. Umphawi, malamulo osakwanira ndi msika wa ogula zakale ku Ulaya zinakumana pamalo amodzi. Pansi pa zonsezo panali chizolowezi chomwe chija chowerengera zaka za mzinda kuyambira pa chikalata cha mfumu: chinthu chimaoneka chofunika ngati chili ndi dzina la Mzungu kapena mtengo wa pa msika. Mbale ya ku China ili ndi mtengo. Unyolo wa kapolo ulibe woufuna pa okshoni.

Chombo chimene chinasintha kaonedwe ka zinthu chinapezeka kutali, ku Cape Town. São José Paquete de África inanyamuka pa Chilumba cha Mozambique pa 3 Disembala 1794 ili ndi akapolo oposa 400, ikupita ku Maranhão ku Brazil. Pa 27 Disembala inagunda miyala pafupi ndi gombe la Clifton. Anthu oposa 200 anamira, ndipo opulumuka anagulitsidwa konko ku Cape. Mu 2015 ofufuza analengeza kuti apeza zotsala za chombocho, kuphatikizapo zitsulo zolemera zimene ankaika pansi kuti chisapendekeke. Dothi lochokera ku Mossuril linatengedwa n'kukathiridwa m'nyanja pamalopo, ndipo zina mwa zitsulozo zinakaonetsedwa ku Washington.

Pambuyo pake yunivesite ya Eduardo Mondlane inatsegula malo a kafukufuku pa Chilumba cha Mozambique, ndipo achinyamata a komweko amaphunzitsidwa kusambira pansi pa nyanja kuti aziyang'anira zombo zomira m'malo mozivuula. Ntchito ya pamtunda ndiyo ikutsalira. Namondwe wa Gombe, amene anafikanso kwathu mu Malichi 2022, anagwetsa nyumba zambiri m'derali, ndipo kumzinda wa makuti mabanja ambiri tsopano amafolera ndi malata, chifukwa makuti akwera mtengo ndipo amafunika kusintha pakapita zaka zochepa.