Chizungulire cha m'khutu chobwera potembenuza mutu

Chizungulire chimenechi, chomwe madokotala amachitchula mwachidule kuti BPPV, chimachititsa munthu kuona ngati nyumba ikuzungulira iye ali chigonere. Chimabwera potembenuka pabedi, podzuka m'mawa, powerama kutola kanthu kapena poyang'ana kumwamba. Chimagwira mwamphamvu, nthawi zina ndi nseru yomwe, koma mutu ukakhazikika sichipitirira mphindi imodzi. Mwa mavuto a m'khutu obweretsa chizungulire, ili ndiye lofala kwambiri, makamaka kwa anthu opitirira zaka 50, ndipo amayi ndiwo amachuluka.

Gwero lake

Ntchito ya khutu si kumva kokha. Mkati mwenimweni muli timachubu titatu tokhota, todzaza ndi timadzi. Mutu ukatembenuka timadzito timasuntha, ndipo mitsempha imatumiza uthenga ku ubongo kuti mutu wapita uku. Pambali pa timachubuti pali kathumba kokhala ndi timiyala ta kashiamu tosaoneka ndi maso, tothandiza thupi kudziwa kumwamba ndi pansi. Vuto limayamba timiyalati tikachoka pamalo pake n'kugwera m'kachubu, kawirikawiri kakumbuyo, poti ndi kamene kali chakumunsi. Munthu akapendeketsa mutu, timiyala timagubuduka n'kukoka timadzi, ndipo timapitirizabe mutu utaima kale. Khutu limanena kuti thupi likuzungulira pamene maso akukana. Timiyala tikadikha pansi, mkanganowo umatha.

Timiyalati timachoka pamalo pake chifukwa cha ukalamba, kumenyeka mutu pangozi, kapena kugona nthawi yaitali podwala. Kwa ambiri sipapezeka chifukwa chilichonse.

Kuyeza ndi kuchiza

Robert Bárány anafotokoza vutoli mu 1921, koma njira yoyezera yomwe ikugwirabe ntchito anaikhazikitsa ndi Margaret Dix ndi Charles Hallpike ku London mu 1952. Wodwala amakhala pabedi, dokotala amamutembenuza mutu madigiri 45 kumbali imodzi, kenaka amamugoneka chagada mwachangu, mutu utalendewera pang'ono. Pakapita timasekondi tochepa chizungulire chimabwera ndipo maso amayamba kugwedezeka okha. Kugwedezeka kwa masoko ndiye umboni, ndipo kumasonyezanso khutu lomwe lili ndi vuto. Ekisire ya mutu sionetsa timiyalati.

Chithandizo chake n'cha manja. John Epley, dokotala wa makutu wa ku Portland ku America, anasindikiza njira yake mu 1992: mutu ndi thupi zimatembenuzidwa pang'onopang'ono, kuima pafupifupi masekondi 30 pa sitepe iliyonse, mpaka timiyala titayenda kachubu konse n'kubwerera m'kathumba kake. Ambiri amapeza bwino atachitidwa kamodzi kapena kangapo. N'zomvetsa chisoni kuti odwala ena amangopatsidwa mapiritsi kwa miyezi. Mapiritsi amachepetsa nseru, koma sasuntha kamwala ngakhale kamodzi, ndipo amaodzeretsa okalamba, zomwe zingawagwetse. Vutoli limathanso lokha pakapita milungu, ngakhale kuti kwa ena limabweranso.

Nanga khosi?

Minofu ndi mfundo za m'khosi nazonso zimauza ubongo mmene mutu wakhalira, choncho khosi lovulala kapena louma likhoza kusokoneza munthu. Akatswiri sagwirizanabe pa nkhaniyi, chifukwa palibe njira yoyezera yotsimikizira. Amaloza khosi pokhapokha zina zonse atazichotsa. Wodwala wotere sanena kuti dziko likuzungulira. Amanena kuti mutu wapepuka, akudzandira, ndipo zimatenga mphindi zambiri kapena maola, khosi likuwawa. Ambiri amene amanamizira khosi amakhala kuti vuto lili m'khutu, popeza munthu sangapinde khosi mutu osasuntha.

Zina zofanana nacho

Matenda a Ménière, omwe Prosper Ménière wa ku France anawafotokoza mu 1861, amazunguliritsa munthu kuyambira mphindi 20 mpaka maola angapo, khutu likulira ndipo kumva kukuchepa. Kuchita mdima m'maso poimirira msanga kumachokera ku magazi, kaya achepa m'thupi kaya BP yatsika. Mankhwala nawo alimo: kwinini wa malungo amaliritsa makutu ndi kuzunguza mutu, ndipo gentamicin akhoza kuwonongeratu mbali ya khutu yothandiza munthu kuima bwino.

Choopsa ndi chizungulire chochokera mu ubongo. Chikabwera mwadzidzidzi osaleka, munthu n'kumalephera kuyenda, lilime litalemera, akuona zinthu ziwiriziwiri, nkhope itapotoka, mkono kapena mwendo utafooka, kapena mutu ukuwawa modabwitsa, ikhoza kukhala sitiroko. Ameneyo asayesedwe zotembenuza mutu kunyumba; atengeredwe kuchipatala nthawi yomweyo.