Feteleza wa boma ku Tsangano ndi Macanga: thandizo lobwera ndi kupita

Pa Tsangano Turn-off ku Ntcheu, pomwe msewu wa M1 umatsata malire, matumba ambiri a kachewere amene mumaona ataunjikidwa achokera tsidya la Mozambique. Kachewere ndi mbewu yosapirira njala ya feteleza. Ndiye funso limabwera lokha: mlimi wa ku Tsangano kapena wa ku Furancungo, likulu la Macanga, feteleza wake amamutenga kuti?

Kwa zaka zambiri sanali kuchokera ku boma. Dziko la Mozambique litalandira ufulu mu 1975, boma la Samora Machel linathira chuma m'minda ikuluikulu ya boma monga CAIA, m'mapiri a Angónia, ndipo mlimi wa khasu anangoonera mathirakitala akudutsa. Kenaka nkhondo inabalalitsa midzi, anthu n'kuthawira ku Dedza ndi ku Ntcheu. Mtendere utabwera mu 1992, anabwerera kukapeza minda itasanduka thengo.

Amene anadzaza mpatawo ndi fodya. Kampani ya Mozambique Leaf Tobacco imapereka mbewu ndi feteleza pa ngongole, n'kudzadula pogula fodyayo. Ku Macanga, makomo ambiri anayamba kuona thumba la feteleza mwanjira imeneyi. Bambo amatapako pang'ono, n'kupita nako kumunda wa chimanga, kuyeza ndi kachitsekero ka botolo, phando limodzi kachitsekero kamodzi, kuti ana asagone ndi njala mwezi wa February.

Tsidya lino la Malawi, Bingu wa Mutharika anayambitsa makuponi a feteleza mu 2005, ndipo mabanja oposa miliyoni ankalandira chaka chilichonse. Abale a fuko limodzi, olankhula chinenero chimodzi, ogula ndi ndalama ya kwacha m'misika yomweyo, ankamva zonsezi. Si chinsinsi kuti matumba ena otsika mtengowo ankaoloka malire pa njinga.

Ku Mozambique, boma la Armando Guebuza linayesa njira zake. Mu 2006 linayamba kupatsa boma lililonse mametikali 7 miliyoni oti anthu azibwereka, koma ngongole zambiri sizinabwezedwe. Mitengo ya zakudya itakwera mu 2008, linakhazikitsa ndondomeko ya ulimi wa zakudya yotchedwa PAPA, ndipo Tsangano, kozizira kuja, anamuwerengera pa ulimi wa tirigu. Makuponi enieni anafika mu 2009, ndi ndalama za European Union kudzera ku FAO: makilogalamu 100 a feteleza ndi mbewu ya theka la hekitala, mlimi n'kulipirako pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Alimi 25,000 okha, m'zigawo zisanu kuphatikizapo Tete. Zinayenda nyengo ziwiri basi.

Mu July 2020, Filipe Nyusi, mtsogoleri wa dzikolo pa nthawiyo, anakhazikitsa ndondomeko ya Sustenta ya dziko lonse ali mumzinda wa Tete. M'ndondomeko imeneyi mlimi wokhazikika ankalandira zipangizo, iye n'kubwereketsa mbewu ndi feteleza kwa alimi ang'onoang'ono omuzungulira. Wokhala kutali ndi mlimi woteroyo ankatsala.

Chimene chimandiwawa n'chakuti nthaka ya ku Tsangano ndi ku Macanga imabereka, mvula imagwa, anthu ndi akhama, koma ndondomeko iliyonse imabwera ndi dzina latsopano mlimi asanazolowere yakale. A boma ku Maputo ndi ku Tete, sankhani njira imodzi yokhalitsa, ndipo feteleza azifika ku Tsangano ndi ku Furancungo mvula yoyamba isanagwe.