Kamera ya Filimu M'mapiri a Dowa ndi Ntchisi

M'nyumba zambiri za m'maboma a Dowa ndi Ntchisi muli sutikesi yakale imene imatsekulidwa mwa apo ndi apo. Pansi pa zovala zosungika mumapezeka timapepala ta msonkho, makalata ochokera ku Joni, ndiponso zithunzi zochepa zimene zinayamba kufiira m'mphepete. Zithunzi zimenezi zinajambulidwa ndi kamera ya filimu, chida chimene achinyamata ambiri a lero sanachigwirepo. Mbiri ya chida chimenechi ndi mbiri ya mmene anthu wamba a m'mapiriwa anapezera mwayi wosiya nkhope zawo kwa zidzukulu, pamene kale mwayiwo unali m'manja mwa alendo okha.

Luso lojambula zithunzi linalengezedwa ku France m'chaka cha 1839 kuchokera ku ntchito ya Louis Daguerre. Patangopita zaka ngati makumi awiri, lusoli linafika kuno pamodzi ndi John Kirk, yemwe anali pa ulendo wa David Livingstone wa ku Zambezi ndi Shire kuyambira 1858 mpaka 1863. Makamera a nthawi imeneyo anali mabokosi olemera oimikidwa pa miyendo itatu, ndipo chithunzi chinkagwidwa pa galasi kapena pa pepala lopakidwa mankhwala. Zinthu zinasintha m'chaka cha 1888 pamene George Eastman wa ku America anatulutsa kamera yotchedwa Kodak. M'kati mwake munali filimu yokulungidwa ngati mkeka, yokwanira zithunzi 100. M'chaka cha 1900 kampani yomweyo inatulutsa Brownie, kamera yaing'ono imene inkagulidwa ndi dola imodzi yokha.

Zaka zimenezi ndi zomwenso azungu anayamba kukhazikika m'mapiri a Dowa. Abusa A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok a mpingo wa Dutch Reformed anatsegula mishoni ya Mvera m'dziko la mfumu Chiwere m'chaka cha 1889, ndipo mishoni ya Kongwe inatsatira mu 1894. Amishoni ndi atsamunda ndiwo anali eni makamera. Iwo ankajambula matchalitchi, ana a sukulu, amtengatenga ndi mafumu, n'kutumiza zithunzizo kwawo kuti abale awo aone ntchito imene inkachitika ndi kupereka chithandizo. Kawirikawiri dzina la mzungu linkalembedwa pansi pa chithunzi, koma anthu akuda oima pambali pake ankangotchulidwa monga gulu. Motero nkhope za makolo athu zinasungika, koma mayina awo anatayika.

Mmalawi amene anaonetsa poyamba kuti kamera ingathe kukhala m'manja mwa mwini dziko sanali wa m'chigawo chapakati, koma wa ku mishoni ya Blantyre. Iyeyu ndi Mungo Murray Chisuse, katswiri wosindikiza mabuku amene anakafika ku Scotland ndipo atabwerako anatchuka ndi ntchito yojambula. Chisuse ndiye anajambula John Chilembwe, banja lake ndi anthu a mishoni yake ya ku Mbombwe, nkhondo ya 1915 isanachitike. M'zithunzi zake anthu akuda amaoneka ovala bwino, oima mwaulemu, odziwika ndi mayina awo. Ichi chikutiphunzitsa kuti wogwira kamera ndiye amasankha mmene munthu adzakumbukiridwe.

Kuti kamera ifike m'midzi ya Dowa ndi Ntchisi panafunika ndalama, ndipo ndalamazo zinadzera m'njira ziwiri. Njira yoyamba inali ulendo wa kunja. Amuna ambiri ankapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, ena ku mapulazi ndi m'mizinda ya ku Halale. Kumeneko ankalowa m'nyumba zojambuliramo atavala suti ndi chipewa, n'kutumiza chithunzi kwa mkazi ndi makolo monga umboni wakuti ali moyo ndipo sanasanduke mtchona. Ena pobwerera ankanyamula kamera pamodzi ndi njinga, wailesi ndi makina osokera. Ulendo wa pa Wenela unaimitsidwa mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70 amene ankabwerera kwawo. Njira yachiwiri inali fodya. Dowa ndi limodzi mwa maboma amene analimbika kulima fodya wachikopa kuyambira m'zaka za m'ma 1920, ndipo alimi ankagulitsa fodyayo ku misika ya Native Tobacco Board, bungwe lokhazikitsidwa mu 1926, kenaka ya ADMARC kuyambira 1971. Nyengo ya misika ikafika, banja linkatha kupatula kandalama kojambulitsira.

Apa ndipo panabadwira wojambula wa kumudzi. Iye ankapalasa njinga kamera ili pachifuwa, kukwera ndi kutsika zitunda za pakati pa Mponela, Madisi, Malomo ndi pa boma la Ntchisi. Ankapezeka pa maukwati, pa ubatizo, pa Khirisimasi, pa chikondwerero cha ufulu cha pa 6 Julaye, ndiponso pa sukulu pamene ophunzira ankafuna tizithunzi ta mayeso. Makamera odziwika a nyengoyo anali monga Kodak, Yashica ndi Pentax. Mtundu wa Pentax K1000, umene unapangidwa kuyambira 1976 mpaka 1997, unkatha kujambula popanda batire, chinthu choyenerera malo opanda magetsi.

Ntchitoyi inkafuna nzeru ndi kusamala. Filimu imodzi inkatulutsa zithunzi 24 kapena 36 basi, choncho panalibe kujambula mwachisawawa. Wojambula ankayang'ana kaye kumene dzuwa lili, n'kuimika anthu moti kuwala kuwagwere kumaso. Ankayesa mtunda ndi maso, n'kusintha kukula kwa kabowo kolowetsa kuwala, asanadinize. Ngati wina atsekula chitseko cha kumbuyo kwa kamera filimu isanabwezedwe m'kachitini kake, kuwala kunkapsereza ntchito ya sabata yathunthu. Filimu ikadzaza inkayenera kutsukidwa mu mdima wa ndiweyani, poiviika m'mankhwala oonetsa chithunzi, kenaka m'mankhwala ochikhazikitsa. Chotulukapo chinali negetivu, pamene choyera chimaoneka chakuda ndi chakuda choyera, ndipo kuchokera pa negetivuyo ankasindikiza chithunzi pa pepala. Zithunzi zamitundu zinkafuna makina a m'tauni, kotero wojambula ankasonkhanitsa mafilimu ake n'kupita nawo ku Lilongwe. Ojambulitsa ankalipirako theka n'kudikira masabata, osadziwa ngati anaphethira kapena ayi. Pamenepa mwambi wakuti kuona maso a nkhono n'kudekha unkagwira ntchito yake.

Chifukwa chakuti chithunzi chinali chodula, munthu ankaikamo zimene ankanyadira. Mnyamata ankagwira chiwongolero cha njinga, bambo ankaika wailesi pamwendo, mayi ankavala chitenje chatsopano. Wophunzira mbiri angawerenge zambiri m'zinthu zoterezi. Mwachitsanzo, lamulo la kavalidwe la 1973 linkaletsa akazi kuvala mathalauzi ndi madiresi aafupi mpaka linachotsedwa mu 1993, ndipo nsalu za mbumba zokhala ndi nkhope ya Dr. Kamuzu Banda zimaloza nyengo ya chipani chimodzi. Komabe wophunzira wanzeru afunsenso zimene kamera sinaone. Palibe amene ankaitana wojambula m'chaka cha njala. Kudambwe kamera siinkaloledwa, ngakhale Gule Wamkulu ndi mwambo waukulu wa Achewa a m'maderawa. Nawo anthu amene anatsekeredwa ku Dzaleka pa zifukwa za ndale, malowo asanasanduke msasa wa othawa kwawo mu 1994, sanajambulitse masiku awo a masautso. Chithunzi ndi mboni, koma ndi mboni imene imanena mbali imodzi.

Kutha kwa nyengo ya filimu kunayambira m'nyumba ya Kodak momwemo. Mu 1975 katswiri wa kampaniyi, Steven Sasson, anapanga kamera yoyamba ya dijito, yosafuna filimu. Patapita zaka makamera otere analowa m'mafoni a m'manja, ndipo mu 2012 Kodak inagwa m'ngongole zoti inapempha chitetezo cha khoti. Pamene Amalawi oposa 9 miliyoni ankalembetsa ziphaso za unzika mu 2017, nkhope zawo zinkaonekera pa kompyuta nthawi yomweyo. Filimu ikupangidwabe ndi makampani monga Kodak ndi Ilford, ndipo m'maiko ena achinyamata ayambanso kusakasaka makamera akale. Koma wojambula wa pa njinga uja anapachika kamera yake kapena anaisinthanitsa ndi yatsopano.

Chimene chatsala ndi zithunzi zija za m'sutikesi, ndipo adani ake ndi chiswe, chinyezi cha m'mapiri, ndi kuiwala. Mwa atatuwa woopsa ndi kuiwala, pakuti agogo odziwa mayina a anthu a pa chithunzi akamwalira, chithunzicho chimasanduka pepala la alendo, monga zija za amishoni. Nyumba yosungira mbiri ya dziko ku Zomba ndi bungwe la Society of Malawi ku Mandala zimasunga zithunzi zakale zambiri, koma sizingafike m'mudzi uliwonse wa kwa Chakhaza kapena kwa Nthondo. Ntchitoyo ili m'manja mwa ana a sukulu a m'midzimo. Iwo akhale pansi ndi akuluakulu, afunse kuti uyu ndani, kunali kuti, chinali chaka chanji, n'kulemba mayankhowo ndi pensulo kuseri kwa chithunzi. Manegetivu asungidwe pouma, pakuti angathe kubala zithunzi zina. Kamera yakale ikapezeka, aichotse batire ndi kuiika pamalo opanda chinyezi kuti galasi lake lisachite nkhungu. Makolo a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi anagulitsa fodya ndi kukumba migodi kuti nkhope zawo zioneke. Chofunika kwa zidzukulu ndi kuzibwezera mayina ake nthawi ikadalipo.